Gogodera wa Agogo Akunena Chiyani?

M'midzi yambiri yozungulira Chipata, kuyambira ku Feni mpaka kutsikira ku Mambwe, mukadali mfuti zakale za gogodera. Ina ili kudenga, yakuda bii ndi mwaye, ina yakulungidwa m'chiguduli pansi pa bedi. Mukafunsa eni ake, yankho limafanana pafupifupi paliponse: mfuti imeneyi inamenya nawo nkhondo ya Nsingo. Timaikonda nkhani imeneyi chifukwa imatipatsa ulemu. Koma tikayang'anitsitsa chitsulocho, nthawi zambiri chimatiuza zosiyana.

Tiyambe ndi nkhondo yeniyeniyo. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anafika m'dziko la Mpezeni ali ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Pofika mu Febuluwale Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera achinyamata, anali atagwidwa ndi kuwomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinali zitalandidwa. Angoni analowa nkhondoyo makamaka ndi mikondo, zibonga ndi zishango. Sikuti mfuti sanaidziwe. Anali atayenda ulendo wautali chiwolokereni Zambezi mu 1835, ndipo Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga wochokera ku Tete, anali kale pabwalo la Mpezeni m'zaka za m'ma 1880. Mfuti zina anali nazo ndithu. Koma wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lake la 2016 lonena za mfuti m'chigawo chino cha Africa, akusonyeza kuti kwa Angoni a Mpezeni ulemu wa mwamuna unali pa kulasa mdani pafupi, maso ndi maso. Kupha uli patali sikunkakweza munthu. Mpaka lero, pitani ku Mtenguleni pa Nc'wala: amuna amavina ali ndi chishango ndi chibonga m'manja.

Nanga mfutizi zinali za yani? Zambiri zinali m'manja mwa anthu amene mbiri ya kusukulu imawadutsa mofulumira. Achikunda ankakwera nazo m'chigwa cha Luangwa kuchokera ku Zumbo ndi ku Tete posaka njovu ndi akapolo. Abisa ndi Ayao ankazibweretsa pamalonda. Mafumu a Achewa amene anamanga malinga ankazifuna kuti adzitchinjirize kwa Angoni omwewo, ndipo Mwase wa ku Kasungu, amene ankachita malonda a minyanga ndi anthu a Jumbe ku Nkhotakota, anakhala wovuta kumugonjetsa chifukwa cha mfuti zake. Ndiye gogodera wa m'banja mwanu mwina anaima mbali ina ya linga, kapena anagulidwa ndi mnyanga, kapenanso ndi munthu. Izi n'zowawa kumva, koma ndi mbiri yathu yomwe.

Tsopano kuzindikira. Chinthu choyamba kuona ndi pamene moto umayambira. Mfuti ya mwala ili ndi kachibwano kachitsulo kamene kamaluma mwala wosema bwino. Mukakoka chowombera, mwalawo umakhula pa kachitsulo koimirira patsogolo pake, timoto timagwera pa wonga wochepa m'kambale kam'mbali, ndipo motowo umalowa pa kabowo kukayatsa wonga wam'kati. Mtundu wachiwiri ulibe mwala. Uli ndi kanyundo kamene kamamenya kachisoti kamkuwa, kamene Aswahili amati fataki. Asilikali a ku Britain anasiya mfuti za mwala n'kuyamba za fataki cha m'ma 1840, ndipo zotsalazo zinatayidwira kumisika yakutali, yathu yomwe ino. Agogodera ambiri amene timawaona masiku ano ndi a fataki. Ena anayamba ali a mwala n'kusinthidwa pambuyo pake, ndipo mukhoza kuona timabowo totsekedwa pa mbale yachitsulo yam'mbali pamene zitsulo zakalezo zinali.

Pa mbale imeneyi mungapeze mawu akuti TOWER ndi chisoti chachifumu, mwina ndi zilembo GR pansi pake. Apa ndi pamene ambiri timapupuluma. TOWER weniweni amatanthauza mfuti ya boma la Britain, koma amisiri a ku Birmingham ndi ku Liège anadziwa kuti ogula a ku Africa amakhulupirira dzinali, ndipo analidinda pa mfuti zotchipa zosawerengeka. Chizindikiro chodalirika kuposa chili pa mpope, pafupi ndi kumbuyo kwake, chifukwa chinkaikidwa ndi oyesa mfuti, osati ogulitsa. Ndodo ziwiri zachifumu zopingasa, zokhala ndi zilembo BPC, ndi za nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813. Zilembo ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira ndi za ku Liège, ku Belgium. Mfuti yaitali, yopyapyala, yolembedwa dzina lakuti Lazarino, ndi yamtundu umene unkayenda kwambiri m'malonda a Apwitikizi. Dzinalo linabwerekedwa kwa banja la amisiri a ku Brescia ku Italy, amene sanaone n'komwe zambiri mwa mfutizi.

Ngakhale mwala umalankhula. Wakuda kapena wotuwa, wa ngodya zinayi zoongoka, kawirikawiri unasemedwa ku Brandon ku England, kumene osema miyala anapitiriza kutumiza katundu wawo ku Africa mpaka m'zaka za m'ma 1900. Wooneka ngati uchi, wozungulira kumbuyo, ndi wa ku France. Ngati mwala ukadali pa kachibwano, musauchotse.

Pali msampha wina. Timaganiza kuti mfuti ya mwala ndiye kuti ndi yakale kwambiri. Si nthawi zonse. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'mbali yaikulu ya Africa, koma linalola mfuti za mwala ndi wonga wamba. Zotsatira zake n'zakuti mafakitale a ku Liège anapitiriza kupanga mfuti zimene ku Ulaya zinali zitatha ntchito kalekale, kupangira ife. Mfuti ya mwala ikhoza kukhala yaing'ono msinkhu kuposa tauni ya Fort Jameson.

Wogula zakale wa ku London amafuna mfuti yosakhudzidwa, yokhala monga inatulukira m'fakitale. Kwa ife, zimene iye amaziyesa chilema ndiye zofunika. Chikopa chaiwisi chimene mlenje anakulunga pa mtengo wong'ambika n'kuuma ngati chitsulo, waya wamkuwa, misomali yonyezimira yokhomedwa mwa mizere, mtengo watsopano wosemedwa ndi mmisiri wa pamudzi chiswe chitadya woyamba, kachithumwa komangirira pafupi ndi chowombera: zonsezi ndi manja a makolo athu. Stuart Marks, amene anakhala pakati pa alenje a Chibisa m'chigwa cha Luangwa kuyambira m'ma 1960, anapeza agogodera akugwirabe ntchito, ndipo ankadutsa kuchoka kwa mkulu kupita kwa wamng'ono m'banja pamodzi ndi miyambo ya ulenje. Choncho musapale dzimbiri ndi sandipepala, musapake vanishi. Pukutani ndi nsalu ndi mafuta pang'ono, basi. Ndipo musaiwale kuti agogodera ambiri anapachikidwa ali odzaza. Wonga wouma sukalamba msanga. Musaloze munthu, musayese kuwombera, musaike pafupi ndi moto.

Lamulo nalo lilipo. Ku Zambia gogodera amawerengedwabe kuti ndi mfuti ndipo amafuna chilolezo, ndiye ndi bwino kufunsa kupolisi mwana asanaitulutse kukaonetsa anzake. Komanso zinthu zambiri zopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito chisanafike chaka cha 1924 zimatetezedwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo siziloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zokoma.

Chimene chitsulo sichinganene ndi dzina la mwini wake. Zimenezo ali nazo ambuya ndi amalume amene akadali moyo: anaigula ndani, kwa yani, analipira chiyani, inadutsa m'manja angati. Jambulani zizindikirozo ndi foni dzuwa likupendeka, pamene zilembo zofufutika zimaoneka bwino, yezani kutalika kwa mpope, kenako lembani mayina aja pa pepala limodzi ndi zimene mwaona, ngakhale zitatsutsana.