Namasupuni

Namasupuni ndi chomera choyandama pamadzi chimene chinachokera kudera la mtsinje wa Amazon ku South America. Dzina lake la sayansi ndi Eichhornia crassipes. Masamba ake ndi obiriwira, ooneka ngati supuni. Anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakopeka ndi maluwa ake n'kumakamubzala m'maiwe okongoletsa malo.

Kafalidwe kake m'Malawi

Namasupuni anayamba kuoneka kuchigwa cha Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anafika kumtunda kwa mtsinjewu. Kukafunda, amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha. Njere zake zimatha kumera ngakhale patapita zaka 20.

Mavuto amene amabweretsa

Akadzaza pamadzi amatchinga dzuwa ndi kuchepetsa mpweya umene nsomba zimapuma. Amatsekanso njira za mabwato ndi kusunga nkhono zofalitsa likodzo.

Vutoli limakhudzanso mzinda wa Blantyre. Namasupuni pamodzi ndi zinyalala zina amatseka polowera madzi m'makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kampani ya EGENCO imapanga gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Madzi ambiri amene anthu a ku Chichiri, Limbe ndi madera ena a mzindawu amamwa amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje womwewo. Motero makina akaima, mipopi nayo imatha kuuma.

Njira zomuthetsera

Pali njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Kumuvuula ndi manja kapena makina, monga amachitira pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, kumathandiza msanga koma kumadya ndalama chaka ndi chaka. Kupopera mankhwala kumamupha mwachangu koma kungaipitse madzi akumwa. Njira yachitatu ndi kugwiritsa ntchito anankafumbwe a mtundu wa Neochetina, amene amadya chomerachi. Tizilomboti tinabweretsedwa m'Malawi m'zaka za m'ma 1990. Njirayi ndi yotsika mtengo koma zotsatira zake zimatenga zaka.

Palibe njira imene imamutheratu namasupuni akakhazikika. N'chifukwa chake posankha chochita akatswiri amayerekeza mtengo, nthawi ndi chitetezo cha madzi, ndipo kawirikawiri amaphatikiza njirazi. Kutsuka mabwato ndi maukonde asanapite nawo kumadzi ena kumathandiza kuti asafike kumene kulibe.