Anampatsa mpando, voti anamumana

Mu 1660 amuna 12 anayambitsa bungwe la asayansi la Royal Society ku London. Munthu ankakhala membala pochita kumuvotera, ndipo ankasonkha shileni imodzi pa sabata. Mlendo ankalowa mumsonkhano pokhapokha atapatsidwa chilolezo.

Mu 1667 Margaret Cavendish, mayi wolemba mabuku a sayansi, anafuna kukaonerera. Mamembala anakangana kaye, kenako anamulola. Anamuonetsa mmene amayezera kulemera kwa mpweya, koma anatuluka adakali mlendo. Amayi oyamba kukhala mamembala, Kathleen Lonsdale ndi Marjory Stephenson, anasankhidwa mu 1945, patapita zaka 278.

Ife kuno ku Chadiza timalembanso malamulo a makalabu a achinyamata ndi magulu a chilimba. Polemba tizifunsana: amene tampatsa mpando wa mlendo, adzavota liti?