Matenda Opatsirana: Tizilombo Toyambitsa ndi Njira Zake Zofalikira

Matenda opatsirana ndi amene amayamba tizilombo tikalowa m'thupi la munthu kapena la chiweto n'kuswana. Tizilombo tambiri totere sitioneka ndi maso. Mu 1876, dokotala wa ku Germany, Robert Koch, anasonyeza kuti matenda a anthrax amayambitsidwa ndi kachilombo kake kodziwika, ndipo mu 1882 anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti nthenda iliyonse yopatsirana ili ndi kachilombo kake, malo amene kamakhala, ndi njira imene kamadzera.

Magulu a tizilombo

Mabakiteriya ndi tizilombo ta selo imodzi, ndipo ambiri amatha kuswana ngakhale kunja kwa thupi, monga m'madzi, mumkaka kapena m'zakudya. Ndiwo amayambitsa kolera, taifodi, chifuwa chachikulu ndi anthrax.

Mavairasi ndi aang'ono kuposa mabakiteriya, ndipo saswana pokhapokha atalowa m'maselo a chamoyo china. Amayambitsa chikuku, chiwewe, chitopa cha nkhuku ndi chigodola cha nkhumba. Mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, sapha mavairasi. N'chifukwa chake mlimi amene amathira makapisozi m'madzi a nkhuku zodwala chitopa amangotaya ndalama. Chitopa chimapewedwa ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza m'diso.

Gulu lina ndi la tizilombo todyera m'thupi, monga ka malungo, kamene kamaswana m'chiwindi ndi m'magazi, komanso nyongolotsi za likodzo.

Njira zofalikira

Kachilombo kamafunika potulukira, chokanyamula ndi polowera. Ka chifuwa chachikulu kamatuluka wodwala akatsokomola, ndipo kamayandama mumpweya, makamaka m'nyumba zopanda mawindo. Ka kolera kamatuluka m'chimbudzi cha munthu, n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, chakudya kapena manja osasamba. Mliri wa kolera umene unabuka m'Malawi mu 2022 unapha anthu oposa 1,700. Ka malungo kamanyamulidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu wodwala ndipo kamalowera pachilonda chimene walumapo.

Tizilombo tina timakhalitsa kunja kwa thupi. Bakiteriya wa anthrax akakumana ndi mpweya amadzikuta ndi chikhungwa cholimba, ndipo amatha kukhala m'nthaka zaka makumi angapo. Ng'ombe kapena mbuzi imamutenga podya msipu, pamene munthu amamutenga posenda, ponyamula chikopa kapena podya nyama ya chiweto chofa chokha. Pachifukwachi, chiweto chimene chafa mwadzidzidzi, makamaka chotuluka magazi m'mphuno kapena m'kamwa, sichiyenera kutumbulidwa. Mwini wake adziwitse alangizi a ziweto msanga.

Nthawi imene matenda amabisala

Pakati pa kulowa kwa kachilombo ndi kuonekera kwa zizindikiro pamapita nthawi. Kwa kolera ndi maola 12 mpaka masiku 5, kwa chigodola cha nkhumba ndi masiku 4 mpaka 19, pamene chiwewe kawirikawiri chimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Ndiponso anthu ambiri amene atenga kachilombo ka kolera sadwala konse, koma amakatulutsa m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo.

Apa ndi pamene malonda amakhudzidwa kwambiri. Nkhumba yooneka yathanzi pamsika ikhoza kukhala itatenga kale chigodola. Vairasi yake sidwalitsa munthu, koma imakhala nthawi yaitali munyama, ndipo imayenda pa nsapato, zovala, matayala a galimoto ndi zakudya zotsala zimene amapatsa nkhumba. Mwini khola akaona kuti nkhumba zayamba kufa n'kuthamangira kugulitsa zotsalazo motchipa, amapititsa matendawo kumidzi imene kunalibe. Ichi ndicho chifukwa chake kusamutsa ziweto ndi kugulitsa nyama kumaletsedwa m'dera limene mwabuka mliri, ndiponso chiweto chogulidwa kumene chimayenera kusungidwa pachokha chisanasakanizidwe ndi zinzake.

Kudula njira

Nthenda iliyonse imaletsedwa pa njira imene imadzera. Chimbudzi chovundikira, madzi owiritsa kapena othira klorini, ndi kusamba m'manja ndi sopo zimatseka njira ya kolera. Kugona m'masikito kumatseka ya malungo. Kubayitsa agalu katemera chaka chilichonse kumateteza mudzi wonse ku chiwewe. Munthu wolumidwa ndi galu atsuke chilonda ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.