Mabawuti osachoka pa zivindikiro za makina

Bawuti wosachoka ndi bawuti amene amamasuka koma osagwa pa chivindikiro chimene wamanga. Pa Chingerezi amatchedwa captive screw. Amapezeka pa zitseko za mabokosi a magetsi, pa zotchingira malamba a makina ndi pa zipangizo zina zimene zimatsegulidwa kawirikawiri pofuna kukonza.

Kapangidwe kake

Mazinga a bawutiyu amakhala kumapeto kokha, pamene thunthu lake pansi pa mutu limakhala lochepa ndi losalala. Wasala kapena kamkombero kachitsulo kamamugwira kuseri kwa chivindikiro. Akamasulidwa, mazinga amatuluka m'makina koma bawutiyo amatsala akulendewera pa chivindikiro. Ena amakhala ndi sipuling'i yomwe imakankhira mutu kunja, kotero kuti bawuti wosamanga amaoneka msanga.

Ku Ulaya, lamulo la chaka cha 2006 lokhudza makina (2006/42/EC) limafuna kuti zomangira za zotchingira zokhazikika zizitsala pa chotchingira kapena pa makinawo chikachotsedwa. Chifukwa chake n'chakuti bawuti akatayika, chotchingira nthawi zambiri sichibwezeretsedwanso.

Mjigo wa Afridev

M'midzi ya m'boma la Chiradzulu, monga madera a Namitambo, Mbulumbuzi ndi Thumbwe, nzeru yofanana ndi imeneyi imaoneka pa mjigo wa Afridev. Mjigowu unachokera ku pampu ya Maldev imene inapangidwa kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unakonzedwa kuti anthu a m'mudzi azitha kuusamalira okha. Sipanala imodzi ya mamilimita 24 imakwana pa bawuti wa chivindikiro ndi pa manati ogwira chogwirira. Zonsezi zimangofuna kumasula pang'ono, osati kuchotseratu, kuti pasakhale chogwera m'chitsime kapena chotayika m'matope.

Zoyenera kutsata

Makomiti a mijigo, eni zigayo ndi alimi a mthirira wa dzuwa akumbukire izi:

1. Zimitsani makina kapena magetsi musanatsegule chivindikiro.
2. Bawuti akamasuka n'kuima, musamukakamize ndi nyundo kapena pulayala. Ndi mmene anapangidwira.
3. Gwiritsani ntchito sipanala ya saizi yake kuti mutu usaphwanyike.
4. Pakani girisi pang'ono pa mazinga dzinja lisanayambe, kupewa dzimbiri.
5. Musamange chivindikiro ndi waya kapena mphira m'malo mwa bawuti.

Chivindikiro chosamanga bwino chimalowetsa fumbi ndi zinyalala m'mutu wa mjigo, ndipo madzi akumwa amadetsedwa. Pa chigayo, lamba wosatchinga akhoza kukola chitenje kapena dzanja. M'bokosi la magetsi, mvula ikalowa imaononga zipangizo zodula.

Amalonda ogulitsa zipangizo akupemphedwa kuyerekeza kukula ndi mazinga a bawuti watsopano ndi wakale asanagulitse. Bawuti wa pa mjigo akaonongeka, komiti idziwitse mekaniki wa m'dera kapena ofesi ya zamadzi ku khonsolo ya boma la Chiradzulu.