Kufufuza Makolo Athu ku Dowa ndi Ntchisi

Sabata ino ndikufuna tikambe za inu amene kwanu ndi ku Dowa kapena ku Ntchisi, koma mukafunsidwa dzina la agogo a agogo anu mumangoti kukamwa yasa. Nkhaniyi si yocheza chabe ayi. Milandu ya minda ndi ya ufumu imagwa pa funso lomweli: iwe unabadwa mwa yani?

Mapepala alipo, koma muyambe mwadziwa amene anawalemba. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, mu 1889. Kongwe, kwa Msakambewa, inatsatira mu 1894. Kumeneko ndiko mayina a anthu wamba a m'mapiri muno anayambira kulowa m'mabuku a kalasi, a ubatizo ndi a ukwati. Ngati makolo anu anali a CCAP, yambirani kwa abusa ndi alembi a mpingo wakwanu, kenako ku Nkhoma. Akatolika afunse ku parishi ngati Nambuma kapena Mpherere. Makalata ena a amishoni ali ku Stellenbosch m'Chiafrikaans, koma kumeneko asiyireni a mayunivesite, ife a pamsika thiransipoti yake sitingaikwanitse.

Tsono vuto nali. Buku la mpingo linalemba dzina la ubatizo. Mayi amene mudzi wonse unkamutchula kuti Nabanda kapena Naphiri, m'bukumo ndi Elizabeti kapena Marita, ndipo nthawi zina pambali pake pali dzina la mwamuna wake. Chimene inu mumati dzina la banja mwina linali dzina loyamba la agogo aamuna, lomwe mphunzitsi anangolemba tsiku lolembetsa sukulu. Pamene Achewa munda ndi ufumu zimatsata kuchikazi, pepala linatsata kuchimuna. Mukadalira buku lokha, mbumba yanu yeniyeni muidutsa osaiona. Ndipo amene anakana kusiya dambwe m'buku la ubatizo mulibemo. Ena mungawapeze m'mabuku a milandu ya akulu ampingo, atadulidwa chifukwa cha gule, mowa kapena mitala. Mukakatsegula amenewo mulimbe mtima, pena mupezamo agogo anu omwe ankakuuzani kuti anali woyera ngati thonje.

Kalembedwe nako kasakusokonezeni. Kale ch ankalemba c yekha, ndiye Chimwemwe mum'peza ali Cimwemwe, ndipo Nkhoma ankalemba Mkhoma.

N'chifukwa chake ine ndimati musanakwere minibasi, yambani mwakhala pamphasa ndi agogo aakazi ndi amalume. Musawafunse chaka, sakuuzani. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali atatha msinkhu kapena ayi, ndani anapita ku Wenela ndipo anabwerako ndege ija ya mu 1974 isanagwe ku Francistown kapena itagwa kale. Funsani mudzi umene mbumba inachokera, manda akale ali kuti, ndani analowa chikamwini ndipo ndani anatengedwa chitengwa. Jambulani mawu pafoni, ndipo dzina lililonse mulembe ndi mfunda wake. Mukatero m'pamene buku la mpingo limakupatsani chaka, inu dzina muli nalo kale.

Njira imeneyi si yatsopano. Samuel Nthara, mphunzitsi wa m'sukulu za mishoni yomweyi, analemba Mbiri ya Achewa pofunsa akuluakulu, ndipo analembanso moyo wa Msyamboza, mfumu ya pa Chibanzi ku Dowa konko. Buku lake lina, Nthondo, linapata mphoto mu 1933. Mukawapeza mabuku amenewa werengani, muli mayina a midzi ndi mafumu amene angakulozereni njira.

Ku Zomba kuli National Archives, komwe amasunga zolemba za ma DC a nthawi ya atsamunda. Zili m'Chingerezi, ndipo DC ankasamala za msonkho ndi za mafumu, osati za agogo anu olima mtedza. Komabe ngati nkhani yanu ndi ya ufumu, kapena ya mudzi umene unagawikana, kumeneko n'kofunika. A ku Ntchisi musangofuna dzina loti Ntchisi. Funaninso Visanza, dzina lakale la pa boma, ndipo muyang'anenso m'mafayilo a Dowa ndi a Kota Kota.