Gleneagles: hotela imene inabadwa chifukwa cha njanji

Ku Perthshire, pakati pa zitunda za Scotland, kuli hotela ya Gleneagles, kumene anthu opata amapita kukasewera gofu, kukwera akavalo ndi kukatikitidwa thupi. Koma maganizo oimanga anachokera ku kampani ya sitima zapamtunda.

Donald Matheson, mkulu wa Caledonian Railway, anawerengera kuti olemera akakopeka ndi malo opumulirako kumudzi, adzagula matikiti a sitima kuti akafikeko. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse inaimitsa ntchito yomanga, moti mabwalo a gofu, amene anawakonza James Braid, anayamba kugwira ntchito hotelayo isanathe. Zitseko zinatsegulidwa mu 1924, ndipo nyimbo za usiku woyambawo zinaulutsidwa pa BBC.

Pa nkhondo yachiwiri, zipinda za mabwana zija zinasanduka chipatala cha asilikali, kenaka malo ochiritsira ogwira ntchito m'migodi ovulala. Mwina palibe alendo amene anafunikira mpumulowo kuposa amenewa.

Andale nawonso anaikonda. Mu 1977 atsogoleri a Commonwealth anagwirizana pomwepa zoletsa masewera ndi South Africa ya tsankho. Mu July 2005, Tony Blair analandirirapo atsogoleri a G8, amene anavomereza kukhululukira ngongole mayiko osauka 18, kuphatikizapo Zambia ndi Mozambique. Chodabwitsa n'chakuti za umphawi ankakambirana pamalo a mwanaalirenji chotere. Malawi nayo inakhululukidwa ngongole zake zambiri pambuyo pake, mu 2006.