Ng'oma za ku Calanda ndi Mafilimu a Luis Buñuel

Lachisanu Loyera likafika, anthu a m'tauni yaing'ono ya Calanda, m'chigawo cha Aragon ku Spain, amadzaza bwalo atavala mikanjo yapepo, aliyense ng'oma yake ili pamimba. Pamakhala zii. Nthawi ikangokwana 12 koloko masana, ng'oma zonse zimalira pamodzi, kukumbutsa chivomezi chimene chinagwedeza dziko Yesu atafa pamtanda. Zimalira usiku wonse mpaka Loweruka, ndipo ena amaimba mpaka zala kuchucha magazi.

Luis Buñuel anabadwira kumeneku mu 1900, ndipo ng'omazi anaziimbako ndi manja ake. Sukulu anaphunzira kwa ansembe achiJezuiti ku Zaragoza. Chikhulupiriro anachitaya ali mnyamata, koma zinthu za m'tchalitchi sizinamuchoke m'mutu.

Ku Paris analowa gulu la masurrealist lotsogoleredwa ndi André Breton, anthu amene ankati maloto amaulula za munthu kuposa nzeru za masana. Mu 1929 iye ndi Salvador Dalí anatulutsa filimu ya Un Chien Andalou. Ambiri amakumbukira lumo likucheka diso, koma mulinso mwamuna akukoka zingwe zomangidwa ku mapiyano awiri, abulu akufa ali pamwamba pake, ansembe awiri akukwekwerezeka pansi. Akufuna kufika kwa mkazi, katunduyo akumubweza m'mbuyo.

Ng'oma za kwawo zinamveka mu L'Âge d'or ya 1930, momwe maepiskopi okhala pamiyala m'mbali mwa nyanja amasanduka mafupa okhaokha, zisoti zili kumutu. Pa 3 Disembala chaka chomwecho, magulu okwiya analowa m'nyumba ya kanema ya Studio 28 ku Paris, nathira inki pansalu yoonetsera, n'kung'amba zojambula zopachikidwa pakhomo. Mkulu wa apolisi Jean Chiappe analetsa filimuyo.

Wofuna kumumvetsa bwino Buñuel aonere Nazarín, imene anaipanga ku Mexico ndipo inatuluka mu 1959. Wansembe wosauka akuyesa kutsata Khristu mosaonjezera kapena kuchotsera, koma kulikonse kumene wapita ubwino wake ukubala mavuto. Pamapeto akuyenda pamsewu wafumbi ali mkaidi, mlonda ali pambali. Mayi wogulitsa zipatso akumupatsa chinanazi. Iye akukana, kenaka akubwerera n'kulandira, nkhope itasokonezeka: munthu wozolowera kupatsa waphunzira kulandira. Pomwepo ng'oma za ku Calanda zikuyamba. Filimu yonseyi sikumuseka wansembeyo ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake imaluma mtima chotere. Mu 1995 Vatican inaiika pamndandanda wake wa mafilimu 45 ofunika.

Viridiana ya 1961 sinalandiridwe motero. Opemphapempha oledzera atakhala patebulo ngati pachithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci, nyuzipepala ya ku Vatican ya L'Osservatore Romano inati n'kunyoza Mulungu. Filimuyo inapambana mphoto ya Palme d'Or ku Cannes, koma boma la Franco linailetsa, ndipo ku Spain anthu anaiona mu 1977. Mu Simón del desierto ya 1965, ya munthu wopemphera pamwamba pa mzati m'chipululu, ng'oma zija zinamvekanso.

Buñuel anamwalira ku Mexico City mu 1983. Mu 2000 anthu a ku Calanda anatsegula Centro Buñuel, nyumba yokumbukira mwana wawoyo, m'tauni momwemo momwe ng'oma za Lachisanu Loyera zikulirabe chaka ndi chaka.